Tayala Lachisanu la Kamvuluvulu

Padangokhala, m'masiku amene nyama zinatopa ndi kupikisana pa liwiro la miyendo, n'kuyamba kupikisana pa liwiro la magalimoto. Amene ali nane ayankhe kuti tili tonse; amene akuwodzera asadzanene kuti sanachenjezedwe.

Njati analakwa kamodzi. Iye mwini, mmene wakalambiramu, amavomera kwa aliyense womufunsa kuti analakwa, kupatula kwa mmodzi yekha amene anamulakwirayo. Kulakwa kwake kunayambira pa chikho.

Njati ndi Mvuu anakulira limodzi, ndipo ndiwo anayambitsa timu ya mpikisano wa magalimoto. Galimoto yawo anaitcha Kamvuluvulu. Popeza awiri okha sakanakwanitsa zonse, anaitana Njiri ndi Ng'azi kuti alowe nawo, ndipo anamanga lamulo ili: aliyense mwa anayiwo abweretse tayala limodzi, tayalalo ndilo gawo lake m'timu. Pamsonkhano sankawerenga mitu kapena misinkhu, ankawerenga matayala. Tayala limene lamaliza mpikisano lili pagalimoto, mwini wake ankakhala ndi mawu mpaka mpikisano wotsatira. Lamuloli analikonza ndi Njati yemwe, pofuna kuti wina asabweretse tayala lakutha, ndipo ankalinyadira ngati mwana wake wachisamba.

Woyendetsa galimoto anali Pusi, wolembedwa ntchito, wopanda gawo. Womata matayala ndi kumanga mabawuti anali Likongwe. Likongweyu atafunsidwa za malipiro, anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Mundipatse la sipeya lija, bwana, lopachikidwa kumbuyo lija."

"Limene lija silikhudza pansi," anatero Njati. "Lilibe mawu."

"Nanga mawu ndichita nawo chiyani ine? Ndikungofuna pokhala pofewa ndikamadya mkute wanga."

Onse anayi anaseka, n'kumupatsa.

Galimotoyo inkapambana, ndipo chikho chinkasungidwa kunyumba kwa wapampando. Apa ndipo panali vuto. Pa chisankho chilichonse Njiri ankaima ndi Njati, Ng'azi ankaima ndi Mvuu: awiri uku, awiri uku. Choncho anagwirizana kuti mpando uzikhala wosinthana, chaka chino Njati, chaka chamawa Mvuu. Chikho chikakhala kwa Njati chinkapukutidwa m'mawa uliwonse, ndipo ana sankaloledwa kupuma pafupi nacho. Chikakhala kwa Mvuu chinkakhala pakhonde.

Chaka china Njati anapita kukachiona, n'kuchipeza chodzaza ndi mtedza.

"Achimwene, chikho si chosungiramo mtedza."

"Nanga n'chosungiramo chiyani, achimwene?" anatero Mvuu. "Chopanda kanthu chimalowa akangaude. Tapani mudye, ndi wokazinga."

Njati sanatape. Anabwerera kunyumba mtima ukuwira, ndipo kuyambira pamenepo chakudya chinaleka kumukomera.

Tsiku lina ali chiimire pafupi ndi galimoto, anamva mawu kuchokera pansi pake. Anali Likongwe, sipanala m'manja.

"Bwana, mwaondatu."

"Manga mabawuti."

"Ndikumanga, bwana. Ndimangoganiza za misewu ya masiku ano. A Nungu akadutsa amasiya minga yawo paliponse. Tayala lina litaphwa pakati pa mpikisano, lolowa ndi la sipeya. Ndiye la sipeyalo likamaliza mpikisano, kaya zimakhala bwanji."

"Limakhala ndi mawu," anatero Njati pang'onopang'ono.

"Ine malamulo sindinaphunzire. Anakonza ndinu."

"Mawuwo angapite mbali iti?"

"Ine ndimadya kwa yani, bwana?"

Njati sananene kuti inde. Anangoyang'ana tayala la Mvuu, lakutsogolo kumanzere, kwa nthawi yaitali kuposa mmene tayala limayang'anidwira, kenaka n'kuchokapo. Akuluakulu ambiri amalamula motero, kuti tsiku la mlandu adzanene kuti sanalankhule kanthu.

Mpikisano unafika. Galimoto inanyamuka bwino, Pusi ali pachiwongolero, koma itafika pakati tayala lakutsogolo kumanzere linaphwa. Likongwe anamasula la sipeya n'kuyamba kuligubuduza, akuimba. Nyimbo yake inali yaifupi, ya mwana wobelekedwa kumbuyo amene amaona kumene akuluakulu akuchokera koma saona kumene akupita, ndipo akufunsa amene adzamutsitse kuti naye aponde pansi. Ochemerera ankavomereza akuwomba m'manja, kuti mwanayo atsitsidwe popeza ndi wamng'ono ndipo sadya zambiri. Mwa onse ovomereza, mawu aakulu anali a Njati. Likongwe anamanga tayala mwachangu, Pusi anathamangitsa galimoto, ndipo anapambanabe, ngakhale movutikira.

Pamsonkhano wotsatira Mvuu, monga wapampando, anatsegula pakamwa kuti ayamike onse. Njati anamudula.

"Tiyambe tawerenga matayala."

Anawerenga: la Njati, la Njiri, la Ng'azi, la Likongwe.

"Pepani, achimwene," anatero Njati. "Lamulo ndi lamulo. Mukhale nawo, koma mumve chabe."

Njiri anagwada, monga mwa chizolowezi chake akamalankhula pamaso pa Njati, n'kupempha kuti mpando uleke kusinthana, ukhale wa Njati mpaka kalekale. Atatu anavomera. Ng'azi yekha anakana, ndipo kukana kwake kunangomveka ngati kutsokomola.

Msonkhano utatha, Mvuu anatsatira Njati panja ali ndi munga wa nungu m'dzanja.

"Nungu ameneyu ndi wophunzira, achimwene. Anasiya munga wake m'mbali mwa tayala, chakumkati, kumene msewu sufika."

"Misewu ndi yoipa masiku ano," anatero Njati, maso ali kwina.

"Ndi yoipadi. Chikho tumani ana akatenge, mtedza akhuthulire m'lichero. Ine sindinkachifuna. Mukanandipempha ndikanakupatsani chaka chilichonse. Koma tayala langa mudzandibwezere, ndipo mudzabwere nalo nokha."

Mvuu anapita kukakhala kumtsinje, tayala lobookalo analisiya pomwepo osacheuka. Mwambo wa amakaniko ndi wakuti chotayidwa chimakhala cha amene wachitola n'kuchikonza. Likongwe analitola, analimata chigamba, n'kulipachika kumbuyo kwa galimoto. Njati anaona zimenezo, koma anali wotanganidwa ndi kupukuta chikho.

Mpando unamukomera Njati, koma Ng'azi sanamupatse mtendere. Msonkhano uliwonse, nkhani ikhale ya mafuta, ikhale ya penti, Ng'azi ankadikira mpaka kumapeto n'kufunsa modekha kuti, "A wapampando, nanga za munga uja tikamba liti?"

Likongwe anamupezanso Njati pafupi ndi galimoto.

"Bwana, a Ng'azi akukuchepetsanitu pamaso pa antchito. Dzulo ndamva Pusi akuyesezera mawu awo."

"Ndamva kale."

"A Nungu akuti akudutsabe m'misewu muno."

Njati anayang'ana tayala la Ng'azi, lakumbuyo kumanzere. Ulendo uno sanachedwe nako kuyang'anako. Chinthu choipa chimavuta poyamba pokha.

Mpikisano wachiwiri unafika, ndipo pakati paulendo tayala linaphwa. Njati anamwetulira, kenaka kumwetulirako kunazilala: lophwa linali lakumbuyo kumanja, la Njiri. Likongwe anagubuduza la sipeya, lachigamba lija, akuimba nyimbo yomwe ija, koma tsopano mwana wa m'nyimbomo anali ataponda pansi ndi phazi limodzi, ndipo ankadandaula kuti phazi limodzi siliyenda. Ochemerera anavomereza kuti atsitse linzakelo. Njati anavomereza nawo ndi milomo yokha. Galimoto inamaliza yachitatu, koma chikho chinatsalabe kwa Njati, popeza chinkalimbiranidwa pa mpikisano wotsiriza wa chaka.

Njati anamukokera Likongwe kuseri kwa migolo ya mafuta.

"Ndinayang'ana lakumanzere."

"Pepani, bwana, ndachita manyazi kwambiri. Inu mumaona galimoto mutaimirira. Ine ndimaiona nditagona chagada pansi pake, ndiye kumanzere kumasanduka kumanja. Umbuli, bwana."

"Nanga poyamba paja bwanji sikunasanduke?"

"Paja ndinagona chafufumimba."

Kwa Njiri, Likongwe analankhula zina. Anamupeza atakhala pambali pa tayala lake lobooka.

"Ine ndimangotumidwa, a Njiri. Wamng'ono ngati ine angayambe yekha zoterezi?"

"Ndagwadira mkulu ameneyu mpaka maondo anga achita zikang'a," anatero Njiri. "Tenga tayalali. Ulimate bwino, ndipo tsiku limene lidzalowe pamalo pa tayala lake, udzanditumire uthenga."

Pamsonkhano anawerenga: la Njati, la Ng'azi, awiri a Likongwe. Ng'azi anapempha kuti wapampando achotsedwe. Njati anagwira mpando ndi manja onse. Koma Likongwe anaimirira, nkhope ili yachisoni.

"Ine kuchotsa bwana wanga? Mawu anga onse awiri ali kwa a Njati."

Njati anapuma, mtima uli m'malo. Koma pobwerera kunyumba anayamba kuwerenga yekha matayala. Likongwe anali ndi matayala awiri pansi ndi limodzi kumbuyo likudikira. Akanagwirizana ndi Ng'azi akanagawana ulamuliro. Sanafune kugawana ndi wina. Ankadikira tayala lachitatu.

Ng'azi naye anali atawerenga. Anafika kwa Njati osaodira.

"Sindinabwere chifukwa chokukondani. Khoswe wakhala pamkhate, ndipo anamukweza ndinu. Njira yatsala imodzi. Muimirire pamsonkhano munene kuti tayala la a Mvuu linabayidwa dala, inu mukudziwa. Mukatero, zonse zimene zinagamulidwa kuyambira tsiku lija zafa. A Mvuu abwerera, a Njiri abwerera, Likongwe abwerera pa sipeya yake."

"Nanga ine?"

"Inu mutsika pampando, chikho mubweza, ndipo akusekani mpaka mvula idzagwe. Koma tayala lanu likhala lanu. Muyambe mwapita kumtsinje, akamve kwa inu asanamve kwa ena. Ndipo munene mudakali ndi mawu."

Njati anapitadi kumtsinje. Njira yonse ankakonza mawu, ndipo anali mawu abwino, osanjidwa bwino, pakuti Njati anali wodziwa kulankhula. Anapeza Mvuu ali m'madzi, maso ndi makutu okha ali pamwamba.

"Mwabwera, achimwene," anatero Mvuu.

"Ndabwera."

"Kwagwanji?"

Njati anaweramitsa mutu kuti ayambe. M'madzimo anaona nkhope yake, nyanga zake zazikulu, ndipo anaganiza za Pusi akuyesezera mawu ake pamaso pa antchito. Anaganiza za chikho chili pakhonde, chodzaza ndi mtedza.

"Ndinali ndi ludzu," anatero.

"Imwani. Madzi ndi a tonse."

Anamwa, n'kubwerera. Panjira anadziuza kuti mkulu sapepesa pamene angathe kungochenjera. Tayala likapanda kuphwa, la sipeya silingalowe. Ntchito inali yongolondera tayala limodzi basi.

Kuyambira tsikulo sanalole Likongwe kulikhudza. Ankalipopa yekha, mabawuti ankamanga yekha, ndipo ankalipapasa mkati ndi kunja ngati mayi wofufuza nsabwe m'mutu mwa mwana. Likongwe ankangoonerera atakhala pa sipeya, akudya mkute wake.

"Mwachita bwino, bwana. Fumbi ndiwe mwini. Kungoti ndamva kuti a Nungu anagona pokhota pomaliza paja. Munga wa m'manja mwanga mwauletsa, koma wa mumsewu ndani angauletse? Galimoto ikamathamanga, Pusi saona zazing'ono."

Mawu amenewo anamulowa Njati ngati munga womwewo. M'mawa wa mpikisano wachitatu anaitana Pusi.

"Lero ndithamanga pambali pa tayala langa, kuyang'ana msewu. Uyendetse pa liwiro langa."

"Bwana, uwu ndi mpikisano wa magalimoto, si ulendo woperekeza maliro."

"Wapampando ndani?"

"Ndinu, bwana."

"Ndiye yendetsa."

Mbendera itatsika, magalimoto ena onse anazimirira m'fumbi. Kamvuluvulu inatsala m'mbuyo, ikuyenda ngati ngolo, wapampando wake akuthamanga pambali, mutu uli pansi, thovu lili kukamwa. Ochemerera anayamba ndi kudabwa, kenaka anaseka mpaka ena anagwa pamipando. Magalimoto anzawo anawapitirira kawiri, oyendetsa akufunsa Pusi ngati akufuna chingwe chokokera. Njati sanamve kanthu. Maso ake anali pamsewu, patsogolo pa tayala.

Atafika pokhota pomaliza anachiona: kanthu kakang'ono, kakuda ndi koyera, kali gone m'fumbi pamene tayala lake linkalunjika. Anatsitsa mutu mwamphamvu kuti akakankhire kumbali ndi nyanga. Pusi naye anali atakaona, ndipo anakhotetsa chiwongolero kuti akazembe, kukhotera mbali imene kunali Njati. Nyanga inalowa m'tayala mpaka patsinde, ndipo potuluka inaling'amba ngati chikopa chonyowa.

Kanthu kaja kanauluka pang'ono ndi mphepo ya tayalalo n'kuteranso. Inali nthenga ya nkhanga. Kaya inagwa yokha, kaya inaikidwa, palibe anafunsa.

Likongwe anabwera akugubuduza la sipeya, lija linali la Njiri, ndipo sanafulumire. Nyimbo inali yomwe ija, koma mwana wa m'nyimbomo tsopano ankayenda yekha, ndipo ankafunsa anthu a m'njira kuti kodi anamubeleka ndani, popeza iye sakukumbukira msana wa aliyense. Ochemerera anavomereza kuti msanawo auiwale, misana ndi yambiri. Ankavomereza mokondwa monga momwe anachitira tsiku loyamba, pakuti ochemerera amatsata nyimbo, satsata mlandu. Njati anaima pomwepo, chidutswa cha labala chikulendewera kunyanga.

Galimoto inamaliza yotsiriza, ndipo chikho chinapita ku timu ina.

Pamsonkhano Njati anapeza Likongwe atakhala kale pampando. Mpandowo unali waukulu kwa iye, mwakuti miyendo yake sinkafika pansi.

"Tiyambe tawerenga matayala," anatero Likongwe.

Anawerenga: atatu a Likongwe, limodzi la Ng'azi.

Njati anaimirira. Mawu amene anawameza kumtsinje aja anatuluka onse tsopano, osasanjidwa n'komwe.

"Tayala la a Mvuu linabayidwa dala. Anabaya ndi uyu, womutuma ndine. Zonse zimene tinagamula kuyambira tsiku lija n'zakufa."

"Pepani, bwana," anatero Likongwe mwaulemu. "Lamulo ndi lamulo. Mukhale nawo, koma mumve chabe. A Ng'azi, mwamva mawu alionse ochokera kwa mwini tayala?"

Ng'azi anayang'ana Njati.

"Ndinawauza kuti anene adakali ndi mawu," anatero. "Sindinamve kanthu."

"Komanso, bwana, poti tili pachibale," anapitiriza Likongwe, "munandituma liti? Ine ndikukumbukira kuti munangoyang'ana tayala. Kuyang'ana si mlandu. Inunso mukanatero ndikanakhala kuti ndagwidwa ndine."

Chigamulo choyamba cha wapampando watsopano chinali chakuti kuyambira tsikulo tayala la sipeya lisadzakhalenso ndi mawu, limalize mpikisano kapena lisamalize. Chachiwiri chinali chakuti womata matayala watsopano azilipidwa mtedza. Likongwe anamusiyira Ng'azi tayala lake limodzi lija, kuti msonkhano uzioneka ngati msonkhano.

Potuluka, Njati anaima pakhomo.

"Chinthu chimodzi chokha, Likongwe."

"A wapampando, bwana. Tizolowere."

"A wapampando. Mundipatse tayala lija linali la a Mvuu. Ndikufuna ndikabweze."

"Lili pantchito. Koma lanu lija tengani, palibe akulifuna. Ndaliyang'ana bwino. Bowo la munga limamatika, koma la nyanga ayi."

"Chikho mwataya. Mwapindula chiyani?"

"Chikho chimatsata galimoto, galimoto imatsata matayala. Chidzabwera. Inu munkayang'ana chikho, ine ndinkayang'ana pansi pa galimoto. Aliyense amaona pamene amagona."

Chaka chotsatira Pusi anapambanadi, ndipo chikho chinapita kwa Likongwe. Akuti amasungiramo mabawuti.

Njati anapita kwawo atakoleka tayala long'ambika kunyanga. Anafunafuna lina loti agule, koma opanga matayala onse anali atamva za mkulu amene anabaya tayala lake lomwe, ndipo aliyense ankamufunsa ngati akufuna lokhala ndi bowo kale kuti asavutike. Patapita nthawi analeka kufunsa. Mwina akanapita chimanjamanja Mvuu akanamulandira, pakuti amene ankasungira mtedza m'chikho sakanawerengera za labala. Njati amadziwa zimenezo. Kudziwako ndiko kumamulemera koposa.

N'chifukwa chake mpaka lero njati imayenda mutu uli pansi, ngati ikufufuza munga mumsewu. Dzuwa likapendeka imatsikira kumtsinje. Mvuu imatulutsa maso ndi makutu, n'kudikira. Nthawi zina imatsegula kukamwa konse, monga inachitira pamsonkhano uja isanadulidwe mawu. Njati imaweramitsa mutu ngati ikufuna kuyamba kulankhula, imaona nyanga zake m'madzi, imamwa, n'kubwerera.

Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, nthano yafika pamene imathera. Tayala la Mvuu, Njati sanabweze.